Agogo Ankakoka Tcheni

Agogo aamuna ndikawakumbukira, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi utsi wa fodya wosakanikirana ndi fungo la waya wadzimbiri ndi simenti yozizira ya m'galaja yathu ku Oshawa, ku Canada. Amayi sankalola fodya m'nyumba, choncho nkhalamba ija inasamukira m'galaja, pakati pa matayala a nyengo yachisanu ndi fosholo yochotsera sinowo, itakhala pa ndowa yozondotsa, majekete awiri pathupi, chipewa chaubweya mpaka m'makutu, chifuwa chake chikumveka mpaka kuchipinda kwanga. Anabwera kuchokera ku Balaka ine ndili ndi zaka khumi, pa chiphaso cha makolo odzaona ana awo, ndipo ntchito imene anawapatsa inali yondiperekeza kusukulu ndi kukanditenga, poti amayi ankagwira mashifiti kunyumba yosamalira okalamba. Ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo kwathu. Ine ndinkayankha m'Chingerezi, iwo osasunthika, mpaka Chichewa chinandilowa chokha. Ngati lero ndikutha kulemba izi ndi chifukwa cha iwo, ndipo zimenezo zimangondiwonjezera kuwawa.

Panjira sankacheza. Ankayenda milomo ikugwedezeka, akuwerenga mapazi, ndipo ukawafunsa kanthu ankakweza chala kuti udikire kaye. Ankadziwa mapazi ochokera pakhomo pathu kukafika pasiteji ya basi, kukafika pageti la sukulu, kukafika pampanda wa njanji pamene sitima ya anthu opita ku Toronto inkadutsa. Ine ndinkachita nawo manyazi, ndinkayenda patsogolo ngati sitili limodzi.

Chaka chimenecho aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense afufuze mutu wake wa mbiri ya dziko lino, aulembe pachipepala chachikulu, adzaufotokoze pamaso pa makolo. Ine unandigwera mutu umene aliyense ankauthawa: magulu a anthu amene boma linawatuma kalekale, njanji isanamangidwe, kuti akafufuze kumene njanji yodutsa Canada yense, kuchoka kunyanja ina kukafika kunyanja inzake, ingadzere. Ndinabwereka buku lolemera ku laibulale, la zithunzi zakale zotuwa, nkuliponya patebulo ndikudandaula. Agogo analitola, kuvala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, nkuyamba kutsegula masamba ndi chala chonyowetsa malovu. Anaima pa chithunzi china. Pakati panali azungu andevu ataima pafupi ndi makina oyezera a miyendo itatu, koma chala chawo chinapita kumphepete, pamene panali munthu wosaoneka bwino nkhope, atakoleka chinthu chonga chingwe chokulunga paphewa.

"Uyu ndi ine," anatero.

Ndinawauza kuti zimenezo sizingatheke, komanso amayi amanena kuti iwo anali injiniya wa njanji. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anandiuza kuti injiniya ankamudziwa bwino chifukwa anamunyamulira ambulera ndi botolo la tiyi zaka zambiri, koma iwo ntchito yawo inali yokoka tcheni. Ali mnyamata analembedwa m'gulu la oyeza malo kwathu, loyenda m'tchire kufufuza podzera njanji, ndipo tcheni chachitsulo choyezera mtunda ndicho chinawadyetsa, chinaphunzitsanso amayi anga mpaka unesi.

Loweruka lotsatira ndinawapeza m'galaja atadula mahang'ala a zovala. Anapanga zikhomo khumi zawaya, chilichonse chokhota kumutu, chomangidwa kansalu kofiira kuti chisasowe m'udzu. Anadulanso chingwe choyanikira zovala kutalika kwake mapazi awo aakulu makumi awiri ndi awiri, nkunena kuti tcheni ndi chimenecho. Tinapita kupaki ya m'mbali mwa njanji, masamba atagwa kale, mphepo ikuluma makutu. Ntchito yake inali motere: wakutsogolo amanyamula zikhomo zonse, amakoka chingwe mpaka chitawongoka, amazika chikhomo, nkupitirira. Wakumbuyo amafika pachikhomocho, amagwirizira chingwe pamenepo, ndipo mnzake akazika china iye amazula ichi nkuchisunga. Zikhomo zonse khumi zikasamukira m'manja mwa wakumbuyo, ndiye kuti mwayenda matcheni khumi, mumamanga mfundo pa kachingwe ka m'thumba, nkuyambiranso. Palibe cholemba, palibe choloweza pamtima. Mtunda uli m'manja mwako.

Ine ndinali wakumbuyo. Tsiku lina chikhomo chimodzi chinandipulumuka m'masamba, ndinafika kumapeto ndi zisanu ndi zinayi. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndiye ndinati tingowerenga kuti zakwana khumi, poti tonse tikudziwa kuti zinalipo. Agogo sanakalipe. Anangokulunga chingwe, nkubwerera pamene tinayambira.

"Mkazi wanga, ukanama chikhomo chimodzi, sitima idzagwera m'chigwa iwe uli kwanu ukudya. Wakumbuyo ndiye amasunga zoona."

Tinachifunafuna mpaka tinachipeza, nkuyambiranso mzere wonse, ine ndikulira ndi mkwiyo.

Masana ndikaweruka tinkakhala m'galaja, ine ndikuwerenga buku lija nkumawamasulira m'Chichewa changa chothyokathyoka. Ndinawawerengera za madambo omira mpaka m'chiuno, za tizilombo toluma totupitsa nkhope, za njala pamene chakudya chachedwa m'njira, za amene anapsa ndi moto wolusa ndi amene anamira m'mitsinje. Iwo ankangogwedeza mutu ngati ndikuwauza za anthu a m'mudzi mwawo. Nditafika pamene bukulo linanena kuti mizere yambiri imene anthuwo anadula m'nkhalango sinagwiritsidwe ntchito, ndiponso kuti mpata wa m'mapiri umene anauvutikira zaka zambiri anausiya, njanji nkukadzera kwina kummwera, agogo anachotsa fodya pakamwa. Anati nawonso anadulapo mzere wotero, miyezi yonse ya dzinja, udzu wopitirira mutu, ndipo mnzawo Sande, amene ankakhala wakutsogolo, analumidwa ndi njoka mumzeremo nkufa asanafike naye pamsewu. Mzere umenewo akuluakulu anaukana patebulo, njanji inadzera kwina, ndipo pamene Sande anagwera panameranso tchire.

Kenako anandiuza kuti ndiwawerengere mayina a okoka tcheni a m'bukumo. Ndinafufuza tsamba ndi tsamba. Mayina a akuluakulu analipo, ndi maudindo awo, ena mpaka mapiri anatchedwa mayina awo. Koma odula mitengo, onyamula katundu, okoka tcheni, ngakhale eni dziko amene ankawalondolera njira m'mapiri a makolo awo, ambiri bukulo linangowaphatikiza m'mawu akuti "ndi anthu ena". Agogo anati aliyense wa anthu enawo anali ndi mayi wake amene anamutcha dzina. Atatero anandipempha, akuyang'ana pansi ngati akupempha mchere kwa mlendo, kuti pachipepala changa ndilembepo dzina lawo ndi ntchito yawo. Chibwerereni anali asanandipemphepo kanthu.

Ndinalemba. Pansi pa mapu ndi zithunzi ndinasiya malo, nkulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti agogo anga ankakoka tcheni ku Malawi monga anthu a m'chithunzi aja. Tinagwirizananso kuti ndikamaliza kufotokoza, tidzaonetsa kalasi yonse mmene amayezera, iwo kutsogolo ine kumbuyo, kuchoka pakhomo la holo kukafika kukhoma. Anachapa tinsalu tofiira tija nkutiyanika pa hita.

Tsikulo litafika, amayi anabwera mmawa kuchokera kuntchito, maso ofiira, akununkha mankhwala ochapira m'manja. Chipepala chinali patebulo la kukhitchini. Anachiwerenga ataimirira, chikwama chidakali paphewa, ndipo atafika pansi paja nkhope inasintha. M'kalasi mwathu munali mwana wina wa Chimalawi, Chisomo, ndipo amayi ake ankapemphera limodzi ndi amayi anga ku Brampton, kumene kwa zaka zambiri mpingo wonse unkadziwa kuti ife ndife a kwa injiniya. Amayi a Chisomo anali munthu woti akamva nkhani Lachisanu, Lamulungu ili kale kutauni ina, ku Markham.

"Tadala, ukufuna kundivula pagulu?" anatero motsitsa mawu kuti m'galaja asamve. "Ine kwathu ndinali nesi weniweni, kuno ndikupukuta nkhalamba za eni ake. Chimene ndatsala nacho ndi chimenechi basi. Sintha."

Anandipatsa kapepala koyera komata ndi cholembera. Sanandimenye, sanandigwire dzanja. Izi ndimazinena chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti anandikakamiza, koma zoona zake nzakuti mawu akuti injiniya nanenso anandikomera. Ndinaganiza za nkhope za anzanga akuona agogo akuwerama ndi mawaya a mahang'ala, ndipo mtima unapepuka. Ndinamata kapepalako pamwamba pa ntchito yawo, nkulemba ina.

Agogo anavala suti yawo yakutchalitchi ndi tayi, thumba la jekete litatupa ndi zikhomo, chingwe chili m'jumbo. M'holo anawakhazika pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, chipewa pamiyendo. Ndinafotokoza zonse bwinobwino, madambo, mapiri, mizere yokanidwa. Nditafika kumapeto ndinawerenga dzina lawo mokweza, nkunena kuti anali injiniya wa njanji ku Malawi. Chingerezi sankachimva kwenikweni, koma liwu limenelo analimva, poti analinyamulira ambulera zaka zambiri. Aphunzitsi anasangalala, nkuwapempha kuti aimirire, holo yonse ikuomba m'manja, amayi a Chisomo akuomba kuposa onse. Anaimirira, nkuwerama pang'ono monga mwa ulemu wawo. Dzanja lawo linali m'thumba la zikhomo, maso ali pa ine, akudikira kuti ndiwaitane. Ine ndinathokoza anthu nkukakhala pansi.

Pobwerera amayi anatsogola kukagona, ife tinayenda wapansi. Tsiku limenelo milomo ya agogo sinkagwedezeka. Titafika pampanda wa njanji anaima, nkutulutsa zikhomo zija, kuziwerenga chimodzichimodzi mpaka khumi, nkundiika m'manja.

"Azungu aja anangondisiya osandilemba," anatero. "Iwe unandilemba, kenako wandifufuta."

Anangonena zomwezo. Sanawafunse amayi, ndipo amayi sanayambitse nkhaniyo. Anapitiriza kundiperekeza kusukulu ndi kunditcha mkazi wawo, koma kupaki sitinapitenso, ndipo buku lija nditalibweza sanafunse kuti lapita kuti. Ndinkadziuza kuti ndipepesa mawa. Chiphaso chawo chinatha, anabwerera ku Balaka, ndipo pafoni tinkangofunsana za kuzizira ndi za mayeso. Anamwalira ine ndili kusekondale.

Mwambo wowakumbukira tinachitira ku Brampton, ndipo mbiri ya malemu analemba ndi amayi. Anandisankha ine kuti ndiwerenge, poti ndinali mdzukulu wodziwa Chichewa. Liwu lija linalimo, mzere wachitatu. Ndinaliona ndisanaimirire, ndinali ndi nthawi yokwanira yolidumpha, koma ndinaliwerenga. Chaka chotsatira achibale anatitumizira chithunzi cha chiliza, ndipo pamwala, pansi pa dzina lawo, anagobapo liwu lomwelo. Pamwala sumatapo kapepala.

Amayi akalamba tsopano, amakhala ndi mchemwali wanga ku Markham, ndipo mlendo aliyense amamuuzabe za bambo awo injiniya. Mwina afika pokhulupirira okha. Ndimawakonda, koma pa ichi sindinawakhululukire, ndipo ine mwini ndiye sindinayambe nkomwe kudzikhululukira. Anthu amati ndinali mwana. Ndinali mwana pa kapepala kaja, inde, koma pa mbiri ya malemu ndinali wamkulu ndithu.

Masiku ano ndimakwera sitima mmawa uliwonse kuchoka ku Oshawa kupita kuntchito ku Toronto, ndipo imadutsa m'mbali mwa paki ija. Zikhomo zili m'kabati mwanga, zonse khumi, tinsalu take tinatuwa. Sindinatayepo nchimodzi chomwe, koma zimenezo sizindithandiza kanthu. Mwana wanga wamkazi anazipeza mwezi watha nkundifunsa m'Chingerezi kuti mawaya amenewa ndi a chiyani, ndipo ndinadzimva ndikuyamba kunena kuti agogo anga ankagwira ntchito ya njanji, mawu oterera amene munthu angawamve mmene akufunira. Ndinaima pakati pa chiganizo. Ndinamukhazika pansi, nkumuuza kuti abwereze pambuyo panga, m'Chichewa, mpaka alondole.

Dzina lawo linali Wilisoni Kamphinda. Ankakoka tcheni. Mnzawo wakutsogolo anali Sande.