Jekete la Bambo ndi Thanki ya Mafuta

Nyumba yathu yoyamba kuno kunja, mumzinda wa South Bend, inali yakalekale, ndipo hita yake inkayendera mafuta. Kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, kunali chithanki chachitsulo. Mafuta akatsala pang'ono, lole inkabwera kudzathira, ife n'kulipira zonse pakamodzi, mtima uli myuu. Anzathu a ku Indianapolis ankatiseka. Kwawo gasi amabwera m'mapaipi ngati madzi, bilu yake ndi ya pamwezi, komanso yotsika kwambiri poyerekeza ndi yathu.

Chaka chimene Mayi anatisiya, tinaitanitsa Bambo kuti adzakhale nafe. Anafika sinoo atayamba kugwa, ali ndi matenda awo a mphumu. Dokotala ananena mosapsatira kuti asamazizidwe.

Koma ine ndi pakamwa pangapa! Tsiku lina lole itangochoka ndinayamba kukomplena kwa mwamuna wanga: "Mafuta amenewa atimaliza! Anzathu a gasi akugona tulo." Bambo anali pampando chapafupi, ngati sakumva.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankatsikira kubesimenti kukagogoda thanki, khutu lili pachitsulo, monga ankakhutchumulira nyali ya parafini kwathu ku Ntcheu kuti amve otsala. Ife tikapita kuntchito ankazimitsa hita n'kuvala chijekete ndi chipewa. Tsiku lina nditaweruka msanga ndinapeza m'nyumba mukuzizira ngati m'firiji, iwo akupuma mobanika, chifuwa chikuimba likhweru.

"Bambo, mukufuna mutifere muno?" ndinakuwa.

"Mlendo ndi mame, mwanangu," anatero. "Ndikuthereni mafuta ine ndekha masana onse?"

Ndinalira ndi mkwiyo komanso mantha. Ndinachonderera, ndinaopseza, mpaka ndinamata tepi poyatsira hita. Iwo ankangoti, "Chabwino, amayi," mawa lake n'kumatula.

Nditapeza ntchito pachipatala ku Indianapolis, mwamuna wanga ankayang'ana kukula kwa zipinda. Ine funso langa kwa malandilodi linali limodzi basi: mafuta kapena gasi? Tinamuvira ku Lawrence, dera la kumbali kwa Indianapolis, m'nyumba ya gasi, kuzizira kusanabwerenso.

M'mawa woyamba kutazizira ndinamva Bambo akutsegula zitseko chimodzichimodzi, jekete lili kale m'thupi.

"Thanki mwabisa kuti?" anandifunsa.

"Kuno kulibe thanki, Bambo. Gasi amabwera yekha m'paipi, ndipo ndi wotchipa."

"Nanga akatha?"

"Satha."

"Ndiye munthu adziwa bwanji kuti wawononga wochuluka?"

Mwamuna wanga anaseka chikhakhali. "Simungadziwe, Bambo. N'chifukwa chake mwana wanuyu anakana nyumba zina zonse zija."

Bambo anandiyang'ana n'kupukusa mutu. "Makani awa ndi a mayi ako," anatero. Ndinatuluka msangamsanga kuti asaone misozi, pakuti ndimawakonda mdala ameneyu koopsa.

Tsiku lonse kuntchito mtima unali m'mwamba. Madzulo nditatsegula chitseko, mpweya wofunda unandilandira. Bambo anali pasofa akuwodzera, atavala malaya okha, akupuma bwinobwino. Jekete lija linali litakolekedwa kuseri kwa chitseko.