Mkono Wamanja wa Bambo

Mafuta a nsatsi akatenthedwa m'phale amatulutsa fungo lolemera, lofanana ndi la mtedza wopserera, ndipo limakanirira m'zovala ngakhale uzichape kangati kunyanja. Ndilo linali fungo la nyumba yathu ku Lungwena m'nyengo ya mwera ya chaka chimene ndinayamba kusenza ndekha chidebe cha madzi. Amayi anabereka mapasa, ine Esita ndi mlongo wanga Petulo, ndipo kwathu ankati manja a mayi wa mapasa amawongola mitsempha. Choncho wobinya phazi pa mpira, wouma khosi, msodzi womangika msana chifukwa chopalasa bwato, onse ankathera pakhonde pathu. Amayi ankawathowa ndi kansalu ka madzi otentha, n'kuwatikita pang'onopang'ono uku akuwaseka kuti amuna athunthu akulira ngati makanda. Ambiri ankagona tulo pamphasa pomwepo, kukamwa yasa.

Masiku amenewo dera lathu linali ndi mbiri yoipa kwa akuluakulu a chipani. Anthu ena anali atathawira kumapiri, ndipo aliyense wokhala ndi bwato ankaganiziridwa kuti amawapatsa nsomba kapena kuwaolotsa. Petulo anali atamutumiza kwa amalume ku Chowe kuti asaone zambiri. Ine ndinatsala, ndipo ndinaona zonse.

Kunali m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Bambo ndi mnzawo wa bwato limodzi, Che Bwanali, anali atangokocheza ndi utaka wochepa, ine nditaima ndi lichero kuti ndilandire ndiwo. Anyamata a chipani ovala malaya ofiira anatsika pamchenga osapereka moni. Wowatsogolera anali Layisoni, yemwe amayi anamuwongolapo bondo ali mwana wamamina. Anafunsa kuti nsomba zina zapita kuti. Bambo asanamalize kuyankha, mmodzi anatola nkhafi yawo yomwe n'kuwamenya nayo paphewa lamanja. Phokoso lake linali ngati la munthu wowaza nkhuni yaiwisi. Bambo anagwa chafufumimba, ndipo anyamatawo anawaponda pakhosi n'kupitiriza kumenya paphewa lomwelo, ati kuti mkono wopalasira zigawenga uphunzire mwambo. Che Bwanali nawonso anamenyedwa chimodzimodzi. Nkhafi itathyoka anyamatawo anagwiritsa ntchito zidendene. Anthu odzaza gombe lonse anayang'ana pansi, ena kumasankha usipa pathandala ngati palibe chikuchitika, ndipo ine ndinadzikodzera nditagwira lichero langa.

Fupa silinathyoke. Phewa linatupa, linada bii, kenaka linaphwa, koma mkono unatsala utakhwinyata pachifuwa ngati phiko la nkhuku yowotcha. Mwera unkaomba tsiku lonse, kuzizira kukulowa m'minofu, ndipo mkonowo unkaumirabe. Pakhonde pathu panasiya kufika anthu. Obinya mapazi ankadutsa kuseri kwa tchalitchi akutsimphina, osafuna kuonedwa pakhomo pa munthu womenyedwa.

Kenaka kunamveka uthenga woti mwezi ukatha kudzabwera akuluakulu kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu, ndipo khomo lililonse lidzatsekedwe, aliyense akapezekeko. Ngakhale ine ndinkadziwa za misonkhano imeneyo. Wotsogolera akafuula, aliyense ankakweza dzanja lamanja m'mwamba. Wosakweza ndiye kuti ndi chigawenga. Kukweza lamanzere kunali kutukwana, monga momwe sungapatsire wamkulu madzi ndi dzanja limenelo. Kunena kuti mkono anaupundula ndi anyamata awo kunali kunamizira chipani. Amayi atamva uthengawo anayang'ana mkono wa bambo nthawi yaitali, kenaka anapita kukasinja nsatsi.

Kuyambira tsiku limenelo manja a amayi anasanduka ena. M'mawa uliwonse ankaika mtondo pafupi ndi chitseko, n'kuthiramo gaga, n'kundipatsa munsi kuti phokoso libise kulira kwa bambo. "Uzisinja mwamphamvu, usaleke mpaka nditatuluka," ankatero. Munthu wolira mokweza ankamveka ngati akudandaula za chipani, ndipo makutu a m'mudzi sankagona. Ndinkasinja gaga yemweyo tsiku ndi tsiku mpaka anasanduka fumbi, m'manja mwanga mutatuluka matuza, koma chitseko chathu chinali cha bango ndipo maso anga ankalowa m'mipata yake.

Ankayamba ndi kuthowa, madzi ake otentha moti khungu la bambo linkafiira. Kenaka mafuta. Akatero ankawagoneka chammbali, n'kuwatsamira ndi bondo m'nthiti, n'kulowetsa chala chachikulu m'khwapa kufunafuna mfundo za minofu. Akaipeza mfundo ankaikanikiza ndi thupi lawo lonse, osaisiya. Pamene chala chalephera ankaikapo chigongono. Ankazika zala kunsi kwa fupa la kumbuyo kwa phewa ngati akufuna kulizula, uku dzanja lina likukoka mkono kuuchotsa pachifuwa. Bambo ankaluma chingwe cha ukonde, miyendo ikupalasa pansi, misozi ndi mamina zikusakanikirana ndi fumbi. Pomaliza amayi ankaponya chingwe pamtanda wa denga, kumanga mkono wa bambo, n'kumakoka mbali inayo pang'onopang'ono monga asodzi akokera khoka. Nthawi zina m'phewamo munkalira kuti thethe, ndipo bambo ankasanza.

Ndinawada amayi anga nyengo imeneyo, ndipo ndinawada ndi mtima wonse. M'mutu mwanga ndinkati akumalizitsa ntchito ya Layisoni, akuwalanga bambo chifukwa chotibweretsera mavuto. Munthu amene ankagoneka tulo alendo ndi manja ofewa, lero bwanji akuzunza mwamuna wake yemwe?

Tsiku lina bambo analavula chingwe chija. Mkono wamanzere unali wamphamvu ngati kale, ndipo anawamenya nawo amayi kukamwa, mbama ya msodzi, mpaka anakagunda khoma. Bambo anali asanakwezepo dzanja pa amayi chibadwire changa. Munsi unaima wokha m'manja mwanga.

"Ndisiye, mkazi iwe! Angonditenga, kusiyana n'kuti uzindipha tsiku lililonse!"

Amayi analavula magazi pansi, anapukuta mlomo ndi nsonga ya chitenje, n'kubwerera pamphasa. "Bambo a Esita, mukamaliza kumenya mugonenso chammbali. Mafuta akuzizira." Kenaka anatembenukira kuchitseko. "Iwe, mtondo watani?"

Ndinayambanso kusinja, ndikulira.

Che Bwanali anali Msilamu wosunga mwambo, ndipo sakanalola kuti mkazi wa mnzake awagwire thupi. Choncho amayi anaphunzitsa akazi awo, Abiti Saidi, kunyanja potsuka miphika, akuwasonyeza pamkono pawo pomwe poyenera kukanikiza. Abiti Saidi anali munthu wofatsa, wa mawu apansipansi. Anayesa masiku angapo, kenaka anabwera akupukusa mutu. "Amake mapasa, ine zandikanika. Ndikangogwira akukuwa ngati ndawabaya. Munthu wavutika kale, ndimuwonjezerenso? Ndizingowathowa, Mulungu adziwa." Amayi anawachonderera, koma sizinatheke. Ine ndinkalakalaka Abiti Saidi akanakhala amayi anga.

Mkono wa bambo unkakwera ngati nkhono. Madzulo bambo ankaima moyang'ana khoma n'kumayendetsa zala m'mwamba, amayi n'kulemba ndi khala pamene zafika. Mizere ya makala inayambira pachifuwa, inafika pachibwano, kenaka pamphuno, n'kuima pamenepo masiku ambiri. Amayi anawonjezera ukali. Zala zawo zinatupa moti sankathanso kumanga mfundo ya chitenje, ndinkawamangira ndine. M'mawa wa tsiku la msonkhano anawathowa bambo nthawi yaitali, anawakoka komaliza, n'kuwaveka malaya a kutchalitchi.

Pabwalo panali fumbi ndi mphepo. Ana anatikhazika kutsogolo, azimayi mbali ina, azibambo ataima m'mizere, anyamata a malaya ofiira akuyenda pakati pawo ndi zibonga. Lole inali itaima pansi pa mtengo wa mango. Wotsogolera atafuula, manja anakwera bwalo lonse. Ndinatembenuka kufunafuna bambo. Layisoni anali ataima patsogolo pawo penipeni, akuwayang'ana kumaso. Mkono unanyamuka mochedwa, unadutsa chibwano, unadutsa khutu, ndipo zala zinatulukira pamwamba pa mutu zikunjenjemera. Wotsogolera anabwereza mfuu yake kambirimbiri, ndipo mkonowo unakhalabe m'mwamba, thukuta likuyenderera m'khosi mwa bambo pa tsiku lozizira. Layisoni analavula pansi n'kusuntha.

Wotsatira anali Che Bwanali. Mkono wawo unafika pachifuwa n'kukana. Anaugwira pachigongono ndi dzanja lamanzere kuti aukankhire m'mwamba, ndipo amene anali patali anangoona dzanja lamanzere likukwera. Wina anakuwa kuti akutukwana. Chibonga choyamba chinagwera pamphumi, kofia yawo yoyera inagwa m'fumbi, ndipo anawakhwekhwereza chogwira miyendo mpaka ku lole, mutu ukugunda miyala. Bambo anali pafupi moti magazi anawadonthera pa malaya, koma sanatsitse mkono, chifukwa wotsogolera anali asanamalize. Che Bwanali sanabwererenso, ndipo sitinauzidwe kumene anathera.

Ine tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha. Ndinaona magazi, inde, koma mtima wa mwana uli ndi malo a munthu mmodzi: bambo anga anakweza dzanja, bambo anga akubwera nafe. Ndinkayembekeza kuti aseka, awathokoza amayi, mwina tipha nkhuku. Koma anakhala pakhonde osavula malaya aja, misozi ikutsika, amayi atakhala chapatali manja otupa ali pamiyendo. Ndinaganiza kuti phewa layambanso kuwawa, ndipo ndinathamanga kukateleka madzi othowera.

Lero ndine wamkulu kuposa momwe amayi analili chaka chimenecho, ndipo ndikudziwa kuti si phewa linkawawa. Amayi anazunza mwamuna amene ankamukonda mwezi wathunthu kuti akathe kupereka ulemu kwa anthu amene anamupundula, ndipo bambo anaupereka ulemuwo mnzawo akukokedwa pamapazi awo. Madzi aja anawira mpaka kuphwa, palibe anawagwiritsa ntchito.