Mfundo ya pa Chitenje cha aNaphiri

Mfundo inali yomasuka. Ndicho chimene ndinayamba kuona nditalowa kuchipinda ndi beseni m'manja. Nsonga ya chitenje cha aNaphiri inali lende m'mbali mwa bedi, eni ake ali mtulo, mwana wanga Tadala atakhala pamkeka akupukuta pakamwa ndi dzanja.

Ntchitoyi anandipezera ndi amayi ena a kumpingo kwathu, kufupi ndi Malomo. ANaphiri anali mphunzitsi wopuma, ankadwala khansa, ndipo ankafuna munthu wowachapira, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Ndinali ndisanagwirepo ntchito yapamwezi. Anandilola kumabwera ndi ana anga, Tadala wazaka zitatu ndi khanda kumsana.

Mwana wamkazi wa aNaphiri, amene ndi namwino ku Lilongwe, ndiye anandiphunzitsa zonse. Magolovesi povula zofunda. Beseni lawolawo, osachapiramo matewera. Mapiritsi osawagwira ndi dzanja, kuwathira pachivindikiro cha botolo. Nditafunsa kuti mankhwala ochiritsa angaopsye bwanji, anakhala pansi.

"Amake Tadala, thupi lathu ndi timaselo tating'onoting'ono. M'selo iliyonse muli timbaula topatsa mphamvu, timati mitokondiriya. Pakhoma la kambaulako pali mapuloteni ofuna kuboola, ndiye pali ena owagwira manja. Selo ikawonongeka, ogwirawo amataya, khoma limabooka, zotuluka mmenemo zimadzutsa ena odula selo yonse mkati. Selo imafa yokha, mwadongosolo. Za khansa zimakana kufa, ogwira manja amachuluka. Mankhwalawa amazivulaza mpaka ogwirawo atataya."

"Nanga amadziwa bwanji kuti iyi ndi ya khansa?"

"Sadziwa bwino. Amagwira chilichonse chokula msanga. Tsitsi, m'kamwa, magazi. Ndiye mwana ndi wokula paliponse."

Mawu amenewo ndi amene anandibwerera nditaona mfundo ija. ANaphiri, monga amachitira amayi akuluakulu kwathu kuno, ankamanga tinthu pansonga ya chitenje. Ankamangapo masiwiti a Tadala, ndipo mwanayo anazolowera kumasula yekha. Chimene sindinkadziwa n'chakuti piritsi lamasana likawakanika kumeza chifukwa cha nseru, ankalimanga pomwepo kuti amwe nthawi ina.

Ndinawagwedeza. "Amayi! Munamangapo chiyani apa?"

Anatsegula maso, kuyang'ana nsonga, kuyang'ana mwana. "Mayo ine. Piritsi lija."

Ndinapisa chala m'kamwa mwa Tadala, munalibe kanthu. "Wameza? Tanena, wameza?" Iye anangolira kuti chowawa, chowawa. Sindikumbuka kuti nsapato ndinazisiya pati. Ndinatenga botolo la mapiritsi, khanda kumsana, Tadala m'manja, kuthamanga kumsewu ndikukuwira njinga yamoto. Njira yonse yotsika phiri ndinkangoona timbaula tija m'mimba mwa mwana wanga tikubooka kamodzikamodzi, iye atatsamira pachifuwa panga. Wanjingayo anati, "Gwirani mwana, mayi, musagwire ine ndi mantha, tigwa tonse."

Kuchipatala adokotala anawerenga pabotolo, nkhope yawo inasintha. Anamumwetsa Tadala mankhwala akuda ngati makala, anamutenga magazi, nati tigone konko. Potitulutsa anati ndizimuyang'ana m'kamwa, ndipo akatentha thupi kapena kutuluka zilonda ndibwere ndisanachite china chilichonse, komanso tidzabwerenso adzaonenso magazi.

Masiku amenewo sindinali munthu. Ndinkamuyasamulitsa mwanayo padzuwa mpaka anayamba kundithawa. Pomupesa ndinkayang'ana pachipeso. Akakana chakudya, ndinkamugwira pamphumi kuona ngati watentha.

ANaphiri ankalira ndikalowa. "Mwana wanga, ndakuphera mwana." Ndinavala magolovesi n'kuwasambitsa monga mwa masiku onse.

Tsiku lina posesa ndinanyamula mkeka uja kuti ndiukutumule. Kunsi kwake, pakati pa mizere ya bango, kunali kanthu kofiirira komata, konyambitidwa mbali imodzi. Piritsi lija. Tadala anali atalilavula. Ndinakhala pansi pomwepo, tsache lili m'manja. Magazi a Tadala atawayezanso kachiwiri anapezeka ali bwino.

Ntchito sindinasiye. ANaphiri ankafunikabe munthu, ndipo ana anga ankafunika kudya. Koma kuyambira pamenepo Tadala amatsala kwa achemwali anga, sapondanso m'chipinda chija. Mapiritsi ndinawaika m'chitini pamwamba pa kabati, ndipo sindichoka pabedi mpaka nditaona kuti aNaphiri ameza. Likakanika, limabwerera pachivindikiro. Ndisanayamwitse khanda ndimasamba ndi sopo mpaka m'zigongono n'kusintha chitenje.

M'mawa uliwonse powavula, ndimayamba ndapapasa nsonga zonse za chitenje chawo. Amaseka, amati ndasanduka wapolisi. Masiwiti a Tadala amandipatsa m'manja, ndimakampatsa ndekha kunyumba.