Anandilanda Dengu la Usipa Mumtsinje Wouma

Abale anga, nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu ndipo sindinalote, inandionekera ineyo dzuwa likuswa mtengo, ndipo wokayika abwere kuno ku Chiwanga adzaone chipsera chili pabondo langa lamanzere. Ndakhala nayo chete zaka zambiri, koma wandiyankhulitsa ndi mwana wanga woyamba, amene pano amayendetsa lole ya katundu kumaiko akummwera. Anandiimbira foni akusekerera, n'kundiuza kuti ulendo wotsatira adzera njira yachidule ya m'chipululu, ati wasankha dala dzinja chifukwa fumbi limakhala litagona ndipo madzi sasowa. Mwana ameneyu, ndi ndevu zake zonsezo, sankadziwa kuti malo ouma anatsala pang'ono kumumeza ali kumsana kwanga.

Nthawi imeneyo tinali titangobwerera kuno ku Mozambique kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Amuna anga ankapha usipa, ine n'kumayanika, ukauma n'kumausenza kupita nawo kumtunda, kwa alimi a cha ku Maniamba, kukasinthanitsa ndi chimanga. Machapa, maminibasi athu akunowa, anali osowa masiku amenewo, ndiye tinkangodalira miyendo, ndipo njira imene tonse tinkaikonda inali mtsinje wina umene umaphwa chilimwe chonse n'kungotsala mchenga wokhawokha. Mumchenga mulibe minga, mulibe chitunda, sungasochere. Tinkautenga ngati msewu umene Mulungu anatilambulira.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ife anthu a kunyanja tili nacho, ndipo musaseke, pakuti n'chimene chikadandipha. Ife nyengo timaiwerengera panyanja. Munthu akadzuka amayang'ana madzi, amamvetsera mphepo, amaona mitambo ya kutsidya, akatero wadziwa za tsiku lonse. Mapiri ali kumbuyo kwathuwa timangowafulatira, ngati kuti iwo alibe mvula yawoyawo. M'mawa umenewo nyanja inali bata, kutsidya kuli mbee, ndipo amuna anga atasuzumira panja anandiuza kuti ndipite mtima uli m'malo, mvula kulibe. Mvula yoyamba inali itagwa kale kamodzi, anthu akumtunda akudzala, ndiye ndinkafuna ulendo womaliza nkhokwe zawo asanazitseke. Ndinabereka mwana, ali wa miyezi yochepa chabe, n'kusenza dengu lodzaza, ulendo.

Kunatentha tsiku limenelo, kutentha kwake koti mchenga unkandiwotcha kudutsa patapata. Dzuwa lili paliwombo ndinafika pamene mtsinje umapanikizika pakati pa magomo awiri ataliatali kuposa denga la nyumba, ndipo pamenepo panali mkuyu umene mthunzi wake unkagwera mumchenga. Ndinatula dengu, ndinafukula mchenga ndi manja mpaka timadzi tinayamba kutuluka monga tinkachitira, ndinamwa, kenaka n'kukhala pansi kuyamwitsa mwana. Kodi alipo akadaganiza zoopsa pamalo abwino chotero?

Ndili pomwepo ndinamva munthu akukuwa pamwamba pa gomo. Anali mayi wamfupi, wowonda, wamkulu kwa ine, khasu lili paphewa, ndipo ankandiuza kuti ndituluke mumtsinje msanga chifukwa madzi akubwera. Ndinayang'ana kumwamba, kulibe ndi kamtambo komwe. Amene amandidziwa akudziwa kuti pakamwa panga sipachedwa, ndiye ndinawafunsa ngati madziwo akubwera pa chapa, poti kumwamba sindikuwaona. Iwo anati mvula yakhala ikugwa kuseri kwa phiri kuyambira m'mawa, aiona ali kumunda kwawo ndipo mabingu awamva. Ine ndinawayankha kuti ndine mkazi wa msodzi, za mvula asandiphunzitse, asamale khasu lawo. Mumtima ndinkati ndi machenjera a anthu akumtunda, akufuna ndikwere kuti anditsitse usipa ndisanafike kwa ena.

Anakuwa kachiwiri, ine n'kuwafulatira dala.

Zimene anachita pamenepo sindidzaziiwala. Anaponya khasu, anatsetsereka ndi kanjira ka mbuzi, ndipo osapereka ndi moni womwe ananyamula dengu langa, kuliika pamutu, n'kuyamba kuthawa nalo chokwera. Ine mutu unaima. Usipa wa masabata angapo, thukuta la amuna anga, chakudya chathu cha dzinja lonse, chikupita ndikuona? Ndinamuponyera mwana kumsana, kumanga nsalu yanga ya kapulana mothina, n'kuliyatsa liwiro, patapata ndi thumba lokatengera chimanga zonse kuzisiya pamchenga. Ndinkakuwa kuti wakuba, wakuba, ndipo mawu ena amene ndinawatukwana nawo sindingawalembe pano, ana angawerenge. Pakati pa gomo ndinaterereka n'kumenyetsa bondo pamwala, magazi chuchuchu, koma ululu sindinaumve chifukwa cha ukali. Ndinakwera chokwawa, dzanja limodzi likugwira mizu, lina likuchirikiza mwana.

Nditafika pamwamba ndinawapeza atatula dengu, ataima akupuma mwawefuwefu. Ndinawagwira pakhosi pa bulauzi, dzanja lina lili m'mwamba kuti ndiwamenye khofi. Iwo sanadzitchinjirize, anangondigwira chibwano n'kunditembenuzira kumene ndinachokera.

Choyamba inali mphepo yozizira, yonunkhira dothi lonyowa. Kenaka mkokomo, ngati malole ambiri akutsika phiri pamodzi, mpaka nthaka ikunjenjemera kumapazi. Ndiye madzi anatulukira pakona ya mtsinje. Abale, sanali madzi oyamba pang'onopang'ono monga mmene nyanja imakwerera, ayi, chinali chikhoma chofiira cha matope, zitsa, nsungwi ndi thovu, chikugubuduzika chonse pamodzi. Ndinaona mbuzi ikutembenuzika m'menemo miyendo ili m'mwamba. Kanthawi kongophethira, pamene ndinakhala ndikuyamwitsa panalibenso, kachitsime kanga kapita, patapata zapita, nthambi za m'munsi za mkuyu uja zikukokedwa ndi madzi. Ndipo dzuwa linali likuwalabe pamutu pathu, osagwa ndi dontho limodzi lomwe.

Ndinakhala pansi n'kumasula mwana, kumuyang'ana, iye akungoyamwa chala chake osadziwa kanthu, ndipo ndinalira ngati pamaliro. Mantha anandigwira mochedwa.

Mayi aja anang'amba kansalu kumpango wawo n'kundimanga bondo. Akumanga choncho anandiuza kuti ataona kuti mawu awo sakundisuntha, anakumbuka kuti mkazi wa kunyanja akhoza kukana malangizo koma sangalole usipa wake kupita. Anatinso mng'ono wawo anatengedwa ndi mtsinje womwewo akuchokera kokagula mchere, kuli dzuwa ngati tsiku limenelo, ndipo mtembo sunapezeke, ndiye analumbira kuti sadzaonereranso munthu atakhala mumchenga umenewo dzinja litayamba. Kenaka anayamba kuseka, ati chibadwire sanatukwanidwepo mwaluso chotero, anthu a kunyanja lilime tinapatsidwa. Ine manyazi, misozi ndi chimwemwe zonse pamodzi, ndinangowagwira mapazi.

Ndinawapatsa dengu lonse, iwo anakana, anangotapa wokwanira ndiwo za tsiku limenelo. Ndinagona kwawo masiku awiri kudikira bondo, ndipo anandiperekeza kwa anansi awo mpaka usipa wonse unasanduka chimanga. Pobwerera anandilozera njira ya pamtunda, yaitali, yaminga, koma yofikitsa munthu kwawo ali moyo. Kuyambira chaka chimenecho ndinkawatcha achemwali, ndipo usipa woyamba kuuma pakhomo panga unkapita kwa iwo. Atamwalira ndinasenza dengu lodzaza kupita nalo kumaliro, anthu n'kumadabwa kuti mlendo wa kunyanjayu akulira kuposa abale bwanji.

Zonsezi ndinamufotokozera mwana wanga pafoni pomwepo. Chipululu sindinachionepo, koma ndinamufunsa ngati kulibe mitsinje youma, ndipo anavomera kuti ilipo yambiri, msewu umadutsa m'kati mwake, madalaivala ena amaimika malole momwemo kuti apume pamthunzi. Ndiye ndinamuuza kuti chipululu chakecho ndi mtsinje wanga uja, kungoti n'chachikulu. Nthaka imene yauma nthawi yaitali simwa madzi, imangowapatsira kutsogolo, ndipo mvula imene ingakuphe si imene ikukugwera pamutu, ndi imene yagwa kutali kumene sukuona. Nanga kumeneko, kopanda midzi, adzam'kuwira pagomo ndani? Atamva zimenezi anati adzera msewu wa tala, ngakhale ndi wozungulira. Anafunsanso dzina la mayi aja, ati akadzakhala ndi mwana wamkazi adzamutcha lomwelo.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu anaona kuti ine ndi wouma mutu, mngelo wolankhula mofatsa sindikadamumvera, ndiye ananditumizira wina wooneka ngati mbava. Ndimathokoza tsiku lililonse ndikamva mawu a mwana wanga pafoni, ndipo bondoli likamawawa nyengo yozizira sindidandaula.

Tsono inu amene mumayenda maulendo, dzinja likayamba musakhulupirire malo ouma, kaya ndi chipululu cha kutali kaya ndi kamtsinje ka kwanu. Musamangoyang'ana kumwamba kwa pamutu panu, tembenukani muonenso kumapiri, ndipo eni dera akakuuzani kuti chokani, chokani kaye, mukangane muli pamtunda. Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Ine ndinachita mwayi, ndinapeza munthu wolola kutukwanidwa kuti mwana wanga akule, koma inu simudziwa ngati pagomo panu padzakhala wina wokulandani dengu.