Musawauze a Duncan Zigoli

Ntchito yanga yoyamba mu Glasgow ndinaipeza pakhomo la tchalitchi ku Govanhill, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinabwera kuno kudzaphunzira, maphunziro anali atatha, ndipo mapepala anga okhalira m'dziko muno ankafuna ntchito yokhazikika. Mayi Gondwe, namwino amene wakhala kuno zaka zambiri, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Tiyamike, msana wako ndi wabwinobwino?" Nditavomera, anati kunyumba ina yosamalira okalamba ku Shawlands akufuna anthu ndipo akandilankhulira. Kenako anawonjezera kuti, "Koma pakamwa pakopo ukachepetse, mwanawe. Ndimakumvatu kukwaya."

Sankanama. Kwathu ku Mulanje ndinali mphunzitsi wa Sitandade 4, ndipo vuto langa ndi loti ngakhale nditseke pakamwa, nkhope imapitiriza kulankhula. Anandilemba mu Ogasiti mongondiyesa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndikanalephera, kukanangotsala kulongedza masutikesi.

Amene anandiphunzitsa ntchito ndi a Moira, mkulu wa ife osamalira okalamba, mayi wamfupi wosaseka pachabe. Shifiti imayamba ndi handova, pomwe ogwira usiku amatiuza amene wagona bwino, amene wagwa ndi amene wakana mankhwala. Polowa m'chipinda cha munthu umagogoda, umavala epuloni ndi magolovesi, ndipo chilichonse umayamba wamuuza usanachichite. Posambitsa pamakhala tinsalu tiwiri, ka kumaso ndi ka kumunsi, ndipo titiwiriti sitikumana. Munthu wosatha kuimirira sanyamulidwa ndi manja ngati thumba la chimanga. Amakwezedwa ndi makina otchedwa hoisiti, pali anthu awiri. Umamuveka silingi, chinsalu cholimba cha zingwe zamitundumitundu, n'kukola zingwe zofanana mbali zonse ziwiri, zazifupi kumapewa, zazitali kumiyendo. A Moira anandiletsanso kugwada popereka tiyi, chifukwa tsiku loyamba gogo wina anaimba belu poganiza kuti ndakomoka.

Ndiye panali a Duncan a m'chipinda nambala 14. Pa unyamata wawo ankawotcherera zitsulo kopangira sitima zapamadzi, ndipo ntchitoyo itatha anakakhala zaka khumi ndi ziwiri mumzinda wina wozizira ku America. Anabwerako ndi chifuwa komanso misala ya mpira wa kumeneko. Si mpira wathu uja ayi. Uwu ndi wooneka ngati papaya, amaugwira ndi manja, ndipo zimphona zovala zipewa zolimba zimagundana kwa masekondi asanu kenako n'kuyamba msonkhano. Sitiroko inawalanda a Duncan miyendo ndi dzanja lamanja, koma pakamwa inapasiya bwinobwino.

Wokalamba aliyense ali ndi faelo yonena zomwe amadya, mankhwala ake ndi momwe amafunira kusamalidwa. Pamwamba pa faelo ya a Duncan panalembedwa ndi inki yofiira kuti asauzidwe zigoli. Masewerowo amachitika Lamulungu kuno anthu atagona, choncho TV yawo inkajambula, iwo n'kuonera Lolemba atadya kadzutsa. Mpaka atamaliza kuonera, m'chipindamo simunkalowa nyuzipepala, wailesi kapena foni.

"A Duncan anakanenera atsikana awiri kwa abwana, ndipo onse awiri kuno kulibe," anatero a Moira. "Winayo anangoti pepani polowa pakhomo."

Poyamba ndinali katswiri pa lamuloli, popeza sindinkadziwa kanthu komanso sindinkafuna kudziwa. Chinandigwetsa ndi Lachisanu. Tsiku limeneli a Duncan ankalosera opambana pa masewero onse a sabatayo, ndipo popeza dzanja lolembera linali lakufa, wolemba pa kabolodi kawo koyera ndinali ine. Ankalosera molimba mtima ngati ali ndi m'bale wawo kumwamba wowatsina khutu. Lolemba zikalephereka, wolakwa ankakhala oimbira, mphepo, kapena mphunzitsi wa timu amene ankati m'mutu mwake muli mbatata. Ine uphunzitsi sunandichoke, ndinayamba kuwachongera ndi cholembera chofiira. Sabata ina nditawapatsa 5 pa 16 n'kulemba pansi kuti "Limbikirani", anandiuza kuti ngati ndili wanzeru ndizilemba zanga pambali tione.

Basi, ndinakodwa. Anandiphunzitsa kuti timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi khumi, ndipo ikaona kuti zavuta imaitana munthu mmodzi yekha wololedwa kumenya ndi phazi kuti adutsitse mpira pakati pa mitengo iwiri italiitali. Pofika Disembala ndinkakangana nawo za woponya mpira wa timu yawo, yovala zobiriwira, ngati ndinaphunzira naye sukulu imodzi. Ndivomere pano kuti Lamulungu lina ndinaitchula timuyo m'pemphero, mwachidule, pakati pa odwala ndi apaulendo.

Mu Januwale timu ya zobiriwira inafika pa masewero oti wopambana apita ku ndime yomaliza ya chaka. A Duncan anati zoterezi anaziona komaliza akazi awo ali moyo. Lachisanu limenelo sanachite nthabwala. Anangoti, "Lemba kuti tipambana," ndipo nanenso ndinalemba chimodzimodzi kumbali yanga. Lolemba lake linalinso tsiku loti a Moira andiyese komaliza, kundilondola m'mawa wonse ndi pepala lochongera, kuti aone ngati ndikhale kapena ndizipita.

M'mawa umenewo ndinakwera basi ku Easterhouse komwe ndinkakhala, mvula ikuwaza. Foni inali m'thumba la jekete ndipo inkandiyabwa. Ndinaitulutsa kuti ndione nthawi yokha, koma chala chinapita kwina. Tinali titagonja ndi zigoli ziwiri, womenya ndi phazi uja ataphonya m'masekondi omaliza. Ndinakuwa kuti "Mayo ine!" mpaka dalaivala anandiyang'ana pagalasi.

Ndinagogoda pa nambala 14, a Moira ali kumbuyo kwanga. Ndinali nditalumbira kuti pakamwa panga sipatuluka kanthu, ndipo sipanatulukedi. Koma munthu wakwathu akalowa m'nyumba momwe mwagwa zovuta, thupi limadziwa lokha zochita. Ndinayenda monyang'ama. Makatani ndinatsegula pang'onopang'ono, moni ndinapereka ndi mawu apansipansi, ndipo powapukuta kumaso ndinachedwa ngati ndikupukuta khanda. Powapatsa tiyi, mawondo anga, amene anamvera lamulo kwa miyezi isanu yathunthu, anapinda okha.

A Duncan anandiyang'ana ndili chogwada. "Wamwalira ndani?"

"Palibe, bambo."

"Nanga bwanji ukundigwira ngati wamasiye? Tiya, tandiyang'ana kuno."

Cholembera cha a Moira chinaima. Ine ndinaona ndege yobwerera kwathu itatera pomwepo pakati pa bedi ndi kabati. Ndinadzambatuka n'kuseka chikhakhali, n'kunena kuti ndi bondo limene likundivuta ndi kuzizira. Kuti nkhope ya maliro ija ifufutike, ndinayamba nyimbo ya kwaya yomwe timaimba pa ukwati. Ndinawaveka jezi yawo yobiriwira ndikuimba, silingi ndinayala ndikuimba, zingwe ndinakola molondola, a Moira n'kutsimikiza. Nditadina batani, a Duncan anakwera m'malere pang'onopang'ono, ine mapewa akuvina pansi.

Ali lende m'mwambamo, nkhope yawo inayamba kuwala. "Moira," anatero monong'ona, "tapambana. Taonani mwanayu akulephera kubisa."

"Ine sindikudziwa kanthu, bambo!"

Ananditsinzinira diso limodzi. Ndinayesa kubwezera nkhope yachisoni ija, koma iwo anangoseka n'kunena kuti ndachedwa nayo. Titawatsitsira pa njinga yawo ya olumala, analamula zomwe sanalamulepo chibwerere m'nyumbayo. Anati masewerowa sakaonera okha m'chipinda, tiwapititse pabalaza pa TV yaikulu, tiitane aliyense wotha kukhala tsonga, ndipo kukhitchini atulutse mabisiketi a alendo.

Tili m'khonde, a Moira anandikokera pambali. "Ukudziwa, eti?" Ndinagwedeza mutu. "Apambana?" Ndinapukusa. Anatseka maso kwa kanthawi, n'kulemba kanthu pa pepala lawo lija.

"Ndiwauze?" ndinafunsa.

"Ukayerekeza. Ndipo ukaima pabalaza pomwepo mpaka kumapeto."

Masewero a mpira umenewu wotchi imati ola limodzi, koma amatenga maola atatu. Sindinaonepo maola aatali ngati amenewo. Pabalaza panadzaza okalamba khumi ndi mmodzi, ambiri osadziwa zomwe akuonera. Gogo wina dzina lake Ina ankafunsa mobwerezabwereza chifukwa chake anyamatawo akungogwa, ndipo bambo wina ankakhulupirira kuti ndi filimu ya nkhondo. A Duncan anakhala patsogolo, mpango wobiriwira m'khosi, akufotokozera onse malamulo. Adani akagoletsa ankakweza dzanja lawo lamoyo n'kunena kuti, "Musadandaule, mathero ndikuwadziwa," uku akundiloza ine.

Ine ndinaima pafupi ndi tebulo la tiyi, thukuta lili kamukamu m'mwezi wa Januwale. Timu yathu ikagoletsa chisoni chinkandigwira, chifukwa ndinkadziwa kuti n'zachabe. Ndikazindikira kuti akundiyang'ana ndinkamwetulira mpaka mano onse panja, kenako n'kukumbukira kuti kumwetulirako ndi kumene kwandifikitsa pano, n'kuyamba kuyang'ana denga. Ndinapinda matawulo opindidwa kale. Ndinathira tiyi anthu omwe makapu awo anali odzaza. Chakumapeto ndinaona kuti a Duncan asiya kundiloza, ndipo bisiketi yawo ili m'manja yosalumidwa.

Kutatsala masekondi anayi, tili m'mbuyo ndi zigoli ziwiri, womenya ndi phazi uja analowa m'bwalo. Akanadutsitsa mpirawo tikanapeza zitatu. Ine ndinali nditadziwa kale m'basi, komabe ndinapezeka ndikupemphera kuti mwina pa TV yaikulu zisintha. Mpira unanyamuka bwinobwino, unapita, unapita, kenako unakhotera kumanzere. Dzanja la a Duncan linali litakwera kale, ndipo linatsala m'mwamba momwemo. Pabalaza panangoti zii, kupatula gogo Ina amene anaomba m'manja poganiza kuti filimu yatha bwino.

Ndinawakankha a Duncan kubwerera kuchipinda. Titafika anati ndiitane a Moira ndipo nditseke chitseko. Apa n'kuti nditayamba kale kukonza mawu okawauza Mayi Gondwe.

"Zaka zisanu ndili muno," anayamba a Duncan, "ndipo Lolemba lililonse ndimadziwa zigoli ndisanayatse TV. Wina amalowa akuimba mluzu, wina amandiwonjezera batala pa buledi. Mumaganiza kuti ndine wakhungu? Ndimangoonera ngati munthu wowerenga nyuzipepala ya dzana. Koma uyu!" Anandiloza. "Uyu wandiuza kuti tagonja, kenako tapambana, kenako tagonja, kenako akuyang'ana denga. Pofika pakati sindinkadziwanso chokhulupirira. Mpira uja uli m'malere mtima wanga unaima. Ndinali nditaiwala kuti umatha kutero."

"Ndiye mukudandaula?" anafunsa a Moira.

"Zandipweteka kwambiri. Muzimuika uyu Lolemba lililonse."

A Moira anasaina pepala lija pomwepo, atalitsamiritsa pakhoma. Ndinaliwerenga pambuyo pake. Pa malo a ndemanga analemba kuti hoisiti ndimaidziwa bwino, koma ndisamavine munthu ali m'malere.

A Moira atatuluka, a Duncan anayang'ana pawindo. Kenako anati, "Tsopano ukhoza kupanga nkhope ija." Ndinakokera mpando pafupi ndi njinga yawo n'kukhala pansi, ndipo tinalira tonse awiri, ine ndi bambo wa zaka 86, chifukwa cha munthu wina wa kutsidya kwa nyanja amene sadziwa n'komwe kuti tilipo. Titamaliza anandiuza kuti chaka chamawa tipambana ndithu, bola achotse mphunzitsi uja.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo pano ndine amene ndimalondola atsopano ndi pepala lochongera. Chomwe ndinatola tsiku lija n'chakuti anthu timawasamalirawa tsiku lawo lonse linalembedwa kale ndi anthu ena, ola lodzuka, chakudya, tsiku losamba, ngakhale mbali yogonera. A Duncan anangotsala ndi maola atatu pa sabata omwe mathero ake sankawadziwa, ndipo ife ndi chifundo chathucho tinkawalanda. Atsopano ndimawauza kuti munthu mungamunyamule, mungamusambitse, mungamudyetse, koma musamulirire iye asanalire yekha.