Mtima wa Ng'ombe Yanga Unapita kwa Nsomba

Ng'ombe yanga ya pangolo inathyoka mwendo kudambo tikututa mitengo ya chigafa cha fodya. Inandigwirira ntchito zaka zambiri. Poipha, mpeni ndinagwira ndekha.

Nthawi imeneyo mayi a kunyumba anali atafooka. Kuchipatala anati magazi achepa, azidya za m'kati mwa nyama. Chiwindi tinachipeza chili ndi nyongolotsi, tinataya. Unatsala mtima. Ndinauika m'mbale, ndinavundikira, ndipo ndinanena pamaso pa onse osenda kuti uwu ndi wa odwala.

Titamaliza kugawa nyama ndinavundukula mbale ija, mulibe kanthu. Ndinayamba kukalipira agalu. Mwana wanga wamkazi ndiye anaulula, maso ali pansi, kuti watenga ndi mwamuna wake. Mkamwini wangayo amaphika ku Mtunthama, m'nyumba ya mphunzitsi wina wochokera kunja.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga. Mwini nyumba anali kwawo kutchuthi. Mkamwini anagwada pakhomo la kukhitchini.

"Mwafika, bambo?"

"Mtima uli kuti, akamwini?"

Ananditengera pabalaza. Pakhoma panali bokosi lagalasi lodzaza madzi, lotalika ngati bokosi la maliro a mwana, nyali ikuyaka m'kati masana. M'menemo munali nsomba zobulungira ngati timbale ta tiyi, zofiira ndi zobiriwira, zongoyandama ngati zilibe kopita.

"Zimenezi zimadya mtima wa ng'ombe," iye anatero. "Abwana anandisiyira. Kubutchala mtima sukupezeka, ndipo nsombazi zikukana zakudya zouma. Ikafa imodzi, ntchito yanga yatha. Adzukulu anu adya chiyani?"

"Zimenezi zikakula mumadya?"

"Ayi, bambo. N'zongoonera."

Ndinapempha kuti andionetse. Anatsegula firiji n'kutulutsa chinthu chopyapyala cholimba ngati thabwa, chili m'pepala la pulasitiki. Ndinamufunsa kuti mtimawo wauchita chiyani. Anafotokoza, ndipo pofotokoza manyazi anamuthera, mawu anayamba kumukomera. Akuti amayamba wachotsa mafuta onse chifukwa mafuta amatseka m'mimba mwa nsomba. Amasendanso mitsempha, kenako agaye pamakina, asakanize ndi adyo ndi masamba, ayale, aumitse mufiriji. Tsiku lililonse amabenthulako kachidutswa ngati chikhadabo. Akuti asapitirize muyeso, madzi angade.

Ndinamuyang'ana. Munthu uyu apongozi ake aakazi akudwala sanawaphikirepo ngakhale phala. Koma amadziwa za m'mimba mwa nsomba.

"Mafuta ndi mitsempha munaika kuti?"

"Ndinapatsa galu wa abwana."

Anabenthula kachidutswa n'kuponya m'madzi kuti ndione. Nsomba zija zinabwera mwaulesi. Imodzi inajompha, n'kulavula. Inalavula ng'ombe yanga, imene inakoka fodya wolipirira mkazi wake sukulu.

Dzanja langa linali pandodo ya pampu ya njinga imene ndinalowa nayo m'nyumbamo. Galasi lija silikanalimba. Koma ndinaganiza za mwana wanga ndi ana ake, ndinabweza dzanja.

"Mukanapempha, akamwini."

"Mukanakana, bambo."

"Ndikanakanadi. Ndiye mwaona kuti kuba ndi bwino?"

Ndinamulanda thabwa lija. Ndinalithyola pabondo. Kachigawo kakang'ono ndinaponya patebulo, kuti nsombazo zisafe mwini wake asanabwere. Sindinachitire iye. Chotsalacho ndinakulunga m'mpango.

Dzuwa linali la mwezi wa Okutobala. Pofika kunyumba chinali chitasungunuka, magazi akudontha pakaliyala. Ndinakazinga ndekha. Sichinaoneke ngati nyama, chinali ngati phala lakuda. Mayi anafunsa kuti ndi chiyani.

"Ndi mtima wanu. Idyani."

Anadya pang'onopang'ono mpaka kupukuta mbale. Anati adyo wachuluka. Zoti anagawana ndi nsomba sindinawauze. Anamva kwa ena patapita nthawi, ndipo anaseka. Ine sindinaseke.

Mkamwini ntchito yake ikadalipo, nsombazo akuti zinaswana. Amabwera pakhomo panga, amagwada, ndimamuyankha moni. Mayi amati ndikhululuke, poti iwo anachira. Kuchira anachira. Koma pano tikapha mbuzi kapena nkhuku, iye amakhala kutali ndi mpeni, ndipo mbale ya za m'kati ndimaiika pakati pa mapazi anga mpaka ifike pamoto.