Minibasi Yakumtunda kwa Mpingwe

A Hamdani anabadwira ku Mpingwe. Bambo awo ankayendetsa lole ya golosale ina mu Limbe, ndipo a Hamdani anayamba ngati kondakitala wa minibasi asanatenge laisensi. Salankhulalankhula. Lachisanu masana amaimika galimoto n'kupita kumzikiti ngakhale pasiteji patadzaza anthu.

Minibasi imene amayendetsa si yawo, ndi ya a Nizam, amene amagulitsa matayala mu Limbe. Kwa zaka zingapo inali yokhayo yofika kumtunda, kupitirira pamene tala amathera. Madalaivala ena amakana, amati nyumba n'zotalikirana ndipo miyala imadya galimoto. Kunena zoona, sanama.

Chaka chatha a Nizam anatopa nazo. "Kumtundako kulibe anthu, bambo Hamdani. Lachiwiri ndikwera ndekha ndikaone. Ikapanda kudzaza, ikupita njira ya Bangwe."

Nkhaniyi inawapweteka kwambiri mayi Salome, ochokera ku Nsanje, amene amakhala kumtundako n'kumagwira ntchito pafakitale ina ku Makata. Akapitawo anali atawachenjeza kale kuti akadzachedwanso, asadzalowe pageti.

"Achimwene, galimoto ikachoka, ine ntchito yatha," anatero mayiwo kwa a Hamdani. "Kudepoti anyamata amakhala m'mipando kuti izioneka yodzaza. Ife tingalephere?"

A Hamdani sanavomere, komanso sanakane.

Lachiwiri m'mawa a Nizam anakhala kutsogolo. Atafika kumapeto kwa msewu anapeza anthu ali pamzere: amayi akutchalitchi kwa a Salome, aneba, ndi madala ena, a Lackson, atavala jekete yaukwati. Minibasi inadzaza mpaka chitseko kuvuta kutseka. Njira yonse a Hamdani anagwira chiwongolero ndi manja onse, osayang'ana pagalasi.

Mu depoti ya Limbe anatsika mayi Salome ndi ena ochepa amene amakwera masiku onse. Otsalawo anangokhala, manja pamiyendo. Palibe anali atawauza chochita akafika.

A Nizam anatembenuka. "Tafikatu, amayi. Limbe ndi yomweyi."

"Ife tikubwerera," anayankha a Lackson mwaulemu.

"Kubwerera? Mwavala jekete kudzaona depoti, madala?"

Woitanira wina anasuzumira pawindo. "Bigi, awa ndi anzathu pantchito? Bola mukanawaphunzitsa kutsika."

Palibe anaseka. Mayi Salome anali ataima panja, minibasi ya ku Makata ikuitanira kumbuyo kwawo, koma sanasunthe.

"Bambo Hamdani, mumadziwa zimenezi?" anafunsa a Nizam.

"Ndimadziwa, bwana."

"Enieni ndi angati?"

"Ndi amene atsikawo. M'mawa sajomba. Madzulo ndimakwera ndi mipando yokha."

A Nizam anayang'ana mayi Salome nthawi yaitali. "Mayi, inu mukuchedwatu."

"Ndipite n'kudziwa, bwana. Mawa ibwera?"

A Nizam anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ulendo umodzi, wam'mawa. Ikatsitsa anthu, Bangwe tsiku lonse. Madzulo musaidikire."

Mayi Salome anathamangira galimoto yawo. Mpaka lero amalowa pageti nthawi yake, ndipo madzulo amakwera phirilo wapansi, nsapato zakuntchito zili m'jumbo. A Hamdani amayendetsa ya Bangwe, njira imene saikonda. Akawafunsa za tsikulo amangoti sanauze munthu aliyense kuti akwere.